Siling'i yakale tiichotse bwanji nyumba isatuwe ndi fumbi?

FUNSO: Akonzi, siling'i ya kuchipinda kwathu ndi ya mabodi a jipsamu aja, inanyowa denga likudontha ndiye pano yayamba kulendewera. Denga tinakonzetsa. Bambo a kunyumba akuti Loweruka angoigwetsa ndi hamala, koma ine ndikuopa fumbi poti ana amagona chipinda choyandikana. Titani? — Mayi wankhawa

YANKHO: Mayi, hamalayo ibiseni kaye. Fumbi lambiri limabwera chifukwa chophwanyaphwanya, bodi ikatsika yathunthu kapena m'zidutswa zikuluzikulu zosesa zimachepa kwambiri.

Musanakhudze chilichonse thimitsani magetsi pa meni switchi, osati pakhoma pokha ayi, kenako muchotse mababu ndi zogwirira zake. Katundu atuluke yense, pansi muyale pulasitiki wochindikala, chitseko chopita kwa ana muchimate ndi pulasitiki ndi tepi mpaka m'mphepete, fani ya batire ikhale pazenera kuuzira panja.

Koma zonyansa zenizeni zili pamwamba pa siling'iyo, fumbi la zaka ndi zaka, ndowe za makoswe, mwinanso zotchinga kutentha zija zimayabwa. Ngati pali kabowo kolowera, munthu akwere akachotse zimenezo kaye akuponda pamitanda basi, akaponda pabodi atsikira m'chipinda ndi mwendo, zikapanda kuchotsedwa zonsezo zidzakukhuthukirani kumutu bodi yoyamba ikangotsika.

Ndiye pezani masikuluu. Amabisika pansi pa penti koma maginito amawapeza, mumangoyendetsa mpaka akakamira, palani pang'ono n'kumasula. M'molumikizana mabodi ndi m'mbali mwa khoma dulani ndi mpeni wakuthwa, osalowetsa kwambiri kuopa mawaya. Sowo yamagetsi ine sindiikonda pantchitoyi, imauluza fumbi koopsa. Bodi imodzi ya mamita 1.2 kwa 2.4 imatha kupitirira makilogalamu 20, ndiye bambowo asadzione mphamvu, pakhale wina wogwirizira. Yonyowa ija izingophwanyika yokha, ikani thumba pafupi muziponyeramo pompo. Masiki yotchinga fumbi ya N95, magalasi oteteza maso ndi chipewa, muvale nonse.

Chimodzi chosaseweretsa: ngati nyumbayo inamangidwa cha m'ma 1980 kapena kale kuposa apo, zomatira kapena zokongoletsa za siling'i zitha kukhala ndi asibesitosi amene amawononga mapapo. Zikatero musadule, ayeze kaye akatswiri.

Pomaliza wazani timadzi pang'ono pazinyalalazo, pindani pulasitikiyo zonse zili mkati, pansi mukolope. Tsache louma lingobwezera fumbi m'mwamba.