Galu wanu wafooka ndipo ali ndi nkhupakupa: yambani mwaona nkhama zake

Bambo wina wa ku Monkey Bay watilembera kalata pa imelo. Akuti galu wawo wa zaka ziwiri wasiya kudya masiku atatu, akungogona pansi pa mtengo wa mango, mkodzo wake ukuoneka ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo m'makutu mwadzaza nkhupakupa. Akufunsa ngati angamusambitse ndi mankhwala a dibi ya ng'ombe amene atsala kwa mnzawo, komanso ngati angamupatse Panado. Pakhomopo pali mphakanso.

Bambo, zonse ziwirizo musachite. Musanaganize za kusambitsa, kwezani mlomo wam'mwamba wa galuyo muone nkhama. Za galu wabwinobwino zimakhala zofiirira komanso zonyowa. Mukadina ndi chala, pamalopo pamayera kenako mtundu umabwerera masekondi awiri asanathe. Mukapeza zatuwa ngati pepala, kapena zachikasu, galuyo magazi amuthera, ndipo limenelo ndiye vuto lalikulu kuposa nkhupakupa mukuzionazo. Onaninso m'kati mwa chikope cham'munsi. Ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi, chipakeni Vaseline, muchilowetse pang'ono kotulukira chimbudzi. Galu wopanda vuto amakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.2. Kugwira mphuno kuti muone ngati yauma sikuthandiza.

Zizindikiro mwafotokozazi zikuloza ku matenda amene ambiri amangowatchula kuti malungo a agalu, ngakhale sabwera ndi udzudzu. Kachilombo kake ndi Babesia. Nkhupakupa ikakakamira pakhungu masiku awiri kapena atatu, imalavulira kachilomboka m'magazi, ndipo kamakalowa m'maselo ofiira n'kumawaphwanya. Zophwanyikazo zimatuluka ndi mkodzo, n'chifukwa chake wasanduka wakuda. Matendawa amaonekera pakatha sabata ziwiri kapena zitatu chilumidwireni, choncho nkhupakupa imene inadwalitsa galu wanu inagwa kale. Kupha zimene zili m'makutu lero sikuchotsa kachilombo kali m'magazi.

Pali mnzake wa matendawa, wotchedwa Ehrlichia, amene amabweranso ndi nkhupakupa. Iye amagwira pang'onopang'ono: galu amawonda, amatuluka kamfuno, pamimba pamaoneka timadontho tofiira. Kawirikawiri awiriwa amapezeka m'galu mmodzi, ndipo mankhwala awo ndi osiyana.

Pitani naye lero kwa a vetenale. Mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) kapena a ku ofesi ya zaulimi pa boma la Mangochi angakuthandizeni, ndi bwino kuwaimbira musananyamuke. Kumene kuli maikulosikopu amaboola kansonga ka khutu, n'kutenga kadontho ka magazi pagalasi, monga amachitira poyeza malungo a anthu. Galu wopanda magazi musamuyendetse pansi padzuwa la kunyanja kuno, mtima ungamulephere panjira. Mukwezeni m'dengu kapena m'katoni.

Mankhwala a Babesia ndi jakisoni wa diminazene, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Berenil. Apa ndi pamene agalu ambiri amafera m'manja mwa anthu ofuna kuwathandiza. Kapaketi kamodzi ka magalamu 2.36 kanapangidwira ng'ombe yolemera makilogalamu 300. Galu amafunika mamiligalamu 3.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kapaketiko akakasungunula mwa malangizo ake, mililita imodzi imakwanira makilogalamu 20, ndiye kuti galu wa makilogalamu 12 amangofunika mamililita 0.6. Kapaketi kamodzi kangakwanire agalu 25 a msinkhu umenewo. Mukapyola muyeso, mankhwalawa amawononga ubongo: galu amayamba kudzandira, kuuma miyendo, kukomoka, ndipo palibe mankhwala obwezera. Zimachitikanso chimodzimodzi mukabwereza jakisoniyo sabata zitatu zisanathe poona kuti galu sanadzuke msanga. Ndiye musalole wina aliyense kubaya mongoyerekeza ndi maso. Muyezeni kaye: kwerani pa sikelo mutamunyamula, mukwerenso nokha, muchotsere. Sikelo yopachika yogulira mbewu imagwiranso ntchito, galu mukamuika m'thumba mutu uli kunja. Ndipo ngati wina anamubaya kale masiku apitawa, muuzeni dokotalayo, musabise.

Ehrlichia amamva doxycycline, mamiligalamu 10 pa kilogalamu tsiku lililonse kwa masiku 28, pomupatsa ndi chakudya kuti asasanze. Ambiri amasiya pakatha sabata imodzi galu akayamba kudya, ndipo matenda amabwerera ali okhwima.

Tikambe za Panado. Kwa mphaka ndi poizoni weniweni, piritsi limodzi lokha limatha kumupha, chifukwa chiwindi chake sichitha kuwagaya mankhwalawa. Kwa galu amene maselo ake ofiira akuphwanyika kale, Panado amawonjezera pa vuto lomwelo. Brufen ndi diclofenac amaboola zilonda m'mimba n'kuwononga impso. Kutentha thupi kudzatsika kokha jakisoni woyenera akagwira, nthawi zambiri pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Pakali pano muikeni pamthunzi, madzi akumwa akhale pafupi ndi kamwa lake.

Chakudya chikhale chofewa, pang'onopang'ono kanayi patsiku: phala losakaniza ndi dzira lowiritsa, chiwindi chophika, kapena usipa wopanda mchere wophikidwa n'kusinja. Mitu ya chambo ndi kampango ya minga ayi. Ndiwo zotsala za patebulo musiye kaye, poti muli anyezi, ndipo anyezi ndi adyo amaphwanya maselo ofiira a agalu ndi amphaka. Magazi amatenga sabata zingapo kuti abwerere, choncho asathamangitsidwe kapena kupita kosaka. Akayamba kupuma mwabefu, kulephera kuimirira, kapena mkodzo kusiyiratu kutuluka, bwererani naye msanga. Galu wodwala akasintha khalidwe, kuyamba kuluma zilizonse kapena kuchucha dovu, m'mangeni osamugwira kukamwa ndipo itanani alangizi, makamaka ngati sanabayidwe katemera wa chiwewe chaka chino.

Nkhupakupa zili pathupi pano zichotseni ndi manja. Gwirani ndi kansalu kapena kopanira pafupi penipeni ndi khungu, mukoke molunjika osapotokola, muziponye m'kabotolo ka spiriti kapena palafini. Osaziphwanya ndi zikhadabo. Funani m'makutu, pakati pa zala, m'khwapa, m'khosi ndi pansi pa mchira. Palafini ndi oyilo wakuda wa galimoto zisakhudze khungu la galu, zimawotcha, ndipo iye amanyambita.

Dibi ya ng'ombe ija ibwezeni kwa mwini wake. Galu wodwala sasambitsidwa mankhwala ophera tizilombo, ndipo botolo lopanda chizindikiro simungadziwe kuti muli chiyani kapena mungathire madzi ochuluka bwanji. Ena mwa mankhwala amenewa akalowa pakhungu, galu amachucha malovu, kunjenjemera n'kufa tsiku lomwelo. Akachira, gulani olembedwa kuti ndi a agalu. Amitraz wosambitsira amagwira, koma si wa tiana ta agalu kapena amphaka. Fipronil wodonthezera pakhosi amathiridwa mwezi ndi mwezi, koma galu wosambira m'nyanja tsiku lililonse mankhwalawo amamuthera msanga. Kwa wotereyu mapiritsi ndiwo abwino: NexGard amateteza mwezi umodzi, Bravecto sabata 12. Koma ndi odula. Mphaka wanu asayandikire mankhwala alionse okhala ndi permethrin, ngakhale kugona pafupi ndi galu wongothiridwa kumene.

Chimene ambiri amaiwala ndi pogona pa galu. Nkhupakupa yofiirira ya agalu imakonda malo otentha ngati kuno, ndipo moyo wake wambiri imakhala kunja kwa galu. Yaikazi ikakhuta imagwa, n'kukwera khoma, n'kukaikira mazira masauzande m'ming'alu ya njerwa, kuseri kwa chitseko, m'tsindwi la khola. Ana ake amatha miyezi ingapo osadya akudikira. Tengani tochi usiku muunike khoma la pamene galu amagona, mudzaziona zikuyenda. Otchani masaka akale amene amagonapo, sesani, matani ming'alu ndi simenti kapena dothi, mupopere mankhwala kuyambira pansi mpaka kudenga ziweto zonse zili kutali. Mazira safa ndi mankhwala opopera, choncho mubwereze pakatha sabata ziwiri, kenako kachitatu pakatha sabata zina ziwiri. Agalu ena onse a pakhomopo muwaone nkhama lero lomwe, ndipo alandire mankhwala a nkhupakupa tsiku limodzi.