Banki yaikulu nayonso imapunthwa

Achimwene, mwafunsa ngati ndalama za mbatata ya kachewere yomwe mwagulitsa ku Tsangano muziike ku banki yaikulu, poti akuti yaikulu siilakwitsa. Pamenepo ndiye ayi.

Zosokonekera za pantchito, monga makompyuta kuzima, wantchito kuba, kapena kalaliki kulemba nambala yolakwika, zimachuluka pomwe pali nthambi zambiri, antchito ambiri ndi makina ambiri olumikizana. Bwana wa ku Maputo sangaone zonse zochitika pa kauntala ya ku Angónia. Mu 2008 wantchito mmodzi yekha, Jérôme Kerviel, anatayitsa banki ya Société Générale ya ku France mayuro 4.9 biliyoni. Koma bankiyo sinatsekedwe, thumba lake linali lakuya.

Yaing'ono ikagwa m'mavuto siichedwa kufa. Mu Novembala 2016 Banco de Moçambique, yomwe imayang'anira mabanki onse ku Mozambique, inatseka banki yaing'ono ya Nosso Banco, ndipo thumba loteteza osunga ndalama linkabweza mameticais osaposa 20,000 pa munthu. Taganizani mlimi amene anaikamo ndalama za munda wonse. Ine nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero.

Palinso vuto losasankha kukula. Mu Novembala 2018 netiweki ya SIMO, yomwe mabanki ambiri a ku Mozambique amagwiritsa ntchito poyendetsa makhadi ndi makina otulutsa ndalama, inazima masiku angapo chifukwa cha mkangano ndi kampani yomwe inkapereka pulogalamu ya makompyuta yoiyendetsera. Makhadi anasanduka mapulasitiki wamba, anthu ali ndi ndalama koma akulephera kugula ufa.

Ineyo zinandionekera pa Ulónguè. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa, makina otulutsa ndalama analira ngati akuwerenga, osatulutsa kanthu, koma uthenga pafoni unabwera woti ndalama zachoka. Kulowa mkati anangoti, "Bambo, sistema yagwa, lembani kalata tiitumize." Kalatayo inayenda m'maofesi angapo, ine feteleza ndinachita kukongola. Ndalamazo zinabwera ndithu, koma mochedwa, ndipo chinandipulumutsa ndi kalisiti kamene ndinakapinda m'thumba la malaya.

Ndiye ndikanakhala inu, gawo lalikulu ndikanaika ku banki yaikulu yomwe ili ndi nthambi pafupi nanu, chifukwa ikalakwitsa imakhala ndi chobwezera. Ya mbewu ndi ya aganyu muike pa akaunti ya ndalama za pafoni, M-Pesa kapena e-Mola, kuti sistema ikagwa tsiku lolipira anthu musasowe pogwira. Mupemphenso kuti akuyatsireni mauthenga a pafoni musanatuluke m'bankimo.