Musapereke ndalama foniyo isanafufutidwe inu mukuona

Achemwali, mwati munthu wina ku Nchalo akukugulitsani Samsung ndi tabuleti zomwe akuti zachokera ku Joni, ndiye mukufuna kudziwa ngati zili zolokedwa musanapereke ndalama. Ndaona ena akuyankhani kuti mungoikamo layini yanu, ikagwira ndiye basi. Zimenezo n'zoona pang'ono chabe. Ine ndimakonza mafoni kuno ku Ngabu, ndipo ambiri amene amabwera pa benchi panga akudandaula, layini inagwira bwinobwino tsiku limene ankagula. Maloko a foni alipo angapo, ndipo ovuta kwambiriwo saonekera tsiku loyamba.

Layiniyo ikanimodi, koma mupite ndi ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM. Imbirani munthu, mulankhule naye, mutsegulenso data. Ikalemba kuti "SIM network unlock PIN" kapena "Network locked", dziwani kuti inamangidwa ku kampani yakunja, monga Vodacom kapena MTN. Akakuuzani kuti pano netiweki imavuta, sunthani limodzi mupite pomwe foni yanu ikugwira. Anzathu a ku Nsanje ndi ku Marka amene mumagwiritsanso Movitel ya ku Mozambique, yesani nayonso. Loko imeneyi nthawi zambiri imatsegulika ndi khodi, koma khodiyo ndi yogula, ndiye mtengo wa foni utsike.

Loko imene yaliza anthu ambiri ndi ya akaunti ya Google. Kuyambira pa Android 5.1, m'chaka cha 2015, foni ikafufutidwa akaunti ya mwini wake isanachotsedwe, poyaka imafuna Gmail yomweyo ndi pasiwedi yake. Anaiika n'cholinga chabwino, kuti wakuba asapindule. Koma taonani mmene imapwetekera wogula. Mwalandira foni yoyaka, WhatsApp ikuyenda, mwabwerera kwanu mukusangalala. Patapita miyezi, mwana wasintha patani n'kuiwala. Mwabwera nayo kwa ife, taifomata, ndiye yaima pa tsamba lofunsa akaunti ya munthu amene simunamuonepo. Wogulitsa uja nambala yake siikupezekanso. Inde, alipo anzanga amene amafulasha n'kudutsa pamenepo, koma pa mafoni atsopano sizitheka nthawi zonse, mulipiranso ndalama ina, ndipo zithunzi zanu zonse zapita.

Ndiye chitani izi pamalo ogulira pomwepo. Wogulitsayo alowe yekha mu Settings, apite pa Accounts, achotse akaunti ya Google. Poti yanuyo ndi Samsung, achotsenso Samsung account, ndipo imeneyi imafunsa pasiwedi. Mwini wake weniweni sazengereza, amangolemba. Akatero, afufute foni yonse kudzera mu Settings momwemo, pa Factory data reset, inu mukuona. Ikayaka, musadumphe pofunsa Wi-Fi. Yatsani hotspot pa foni yanu, muilumikize, muyende nayo tsamba ndi tsamba mpaka mufike pomwe pali ma app, muikemo akaunti yanu. Zimatha kutenga theka la ola. Gulani bandulo yaing'ono pasadakhale, mupeze mthunzi wa nimu mukhale pansi, chifukwa dzuwa la kwathu kuno limapangitsa munthu kuvomera zinthu mofulumira kuti angochokapo.

Intaneti ndikuilimbikira chifukwa cha loko ina imene yafala masiku ano, ya mafoni angongole. Makampani amagulitsa foni kuti muzilipira pang'onopang'ono, ndipo mukasiya kulipira amaitseka ali kutali. Wina amatenga foni yotere, n'kulipira masiku ochepa kuti itseguke, n'kuthamanga nayo kumsika. Inu mukaiyesa zonse zili bwino. Masiku aja akatha, sikirini yonse imadzaza ndi uthenga woti lipirani, ndipo ngongole ya munthu wina yagwera inu. Kufomata sikuchotsa loko imeneyi, imabwerera foni ikangolumikizana ndi intaneti. N'chifukwa chake mukaifufuta n'kuilumikiza pomwepo, kawirikawiri imadziulula yokha: imatulutsa dzina la kampani, kapena imayamba kulowetsa app imene simungaichotse. Onaninso mu Settings, mufufuze Device admin apps. Mukapezamo dzina lachilendo, funsani. Akati ngongole anamaliza, aonetse uthenga wotsimikizira, ndipo muimbire kampaniyo muli naye limodzi. Ine foni yatsopano kwambiri, yopanda bokosi, yotsika mtengo modabwitsa, ndimayamba kuikayikira pa zimenezi.

Kwa amene mukuwerenga muli ndi maganizo a iPhone kapena iPad, kumeneko ndiye musayerekeze kuchita chibwana. Loko yake, yotchedwa Activation Lock, imene imamanga foni ku akaunti ya iCloud ya mwini wake, inayamba ndi iOS 7 mu 2013, ndipo ndi yolimba. Mwini wake atuluke mu iCloud ndi pasiwedi yake, kenako Erase All Content and Settings. Ikayaka n'kulemba kuti "iPhone Locked to Owner", ibwezeni ngakhale atatsitsa mtengo bwanji. Zomwe amati bypass zija, zozembera lokoyo, zimasiya foni yolumala: ina siimba, ina imatsekekanso mukangoifufuta. Za netiweki, pitani pa Settings, General, About, pomwe alemba Carrier Lock pakhale mawu oti "No SIM restrictions".

Tabuletiyo iyeseni chimodzimodzi, koma ili ndi zake ziwiri. Matabuleti ena ndi a Wi-Fi yokha, ndipo kabowo kam'mbali kaja ndi ka memori khadi, osati ka layini. Kumudzi komwe kulibe Wi-Fi, mudzakhala mukudalira hotspot tsiku ndi tsiku. Chinanso, kuno ku Chikwawa ndi Nsanje kuli mabungwe ambiri amene amalemba anthu maina pa matabuleti, kusukulu kulinso ena. Otere amakhala olamulidwa ndi bungwe, ndipo amalemba kuti "This device is managed by your organization". Yang'anani kumbuyo ngati pali zomata zonamatira pomwe anamatulapo sitika, kapena nambala yopalidwa. Imeneyo ndi katundu wa eni, isiyeni.

Imbaninso *#06#. Ituluka IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ya manambala 15, ndipo foni ya malayini awiri imatulutsa ziwiri. Ifanane ndi yomwe ili pa bokosi kapena kumbuyo kwa foni. Ikasiyana, kapena pakalembedwa null, foniyo inaseweretsedwa m'kati. Lembani IMEI imeneyi pa pepala, pamodzi ndi mtengo, tsiku, dzina la wogulitsa ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika, asayine, pakhalenso mboni. Kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu, ndipo apolisi akamatsata foni amafikira amene waigwira m'manja. Pepalalo ndi limene lidzakulankhulireni. Ndalamanso ndi bwino kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala yolembetsedwa m'dzina lake lomwelo, umboni utsale.

Poti mwatulutsa kale kathireyi ka layini, unikani m'kabowomo ndi tochi. Mafoni ambiri ali ndi kachizindikiro koyera kamene kamafiira kakakhudzidwa ndi madzi, ndipo kuno madzi osefukira sitichita kuwamva kwa ena. Ikaninso foniyo pa tebulo losalala muone ngati chivundikiro chakumbuyo chatukuka, ndiye kuti batire latupa ndi kutentha.

Mwatinso munthuyo akuti mutumize theka la ndalama kuti akusungireni poti ena akuzifuna. Musatumize, achemwali. Muuzeni kuti mukumane masana pamalo pa anthu, abwere foni ndi tabuleti zili zotchaja, komanso akukumbukira mapasiwedi ake onse. Akati m'bale wake wa ku Joni ndi amene akudziwa pasiwedi, amuimbire pa WhatsApp achotse akauntiyo inu muli pomwepo. Mukafika pa tsamba lomwe simukulimvetsa, lijambuleni mulitumize m'gulu muno musanalipire, tikuuzani tanthauzo lake.