Mbalame za ku Arabuko-Sokoke: yambani ndi makutu

Bambo wina watilembera pa imelo kuti: "Mu Ogasiti ndikupita ku Malindi, ku Kenya, ndipo ndili ndi masiku awiri. Ndinalowapo m'nkhalango ina ndi binoculars koma ndinangoona masamba okhaokha. Ndikachite bwanji ku Arabuko-Sokoke?"

Bambo, maso anu alibe vuto. M'nkhalango yowirira mbalame imayamba yamveka isanaoneke. Choncho mukafike ku ofesi ya nkhalango ku Gede 6 koloko m'mawa isanakwane, mutenge wokuperekezani wodziwa kulira kwa mbalame. Ikamakwana 10 koloko kumatentha, zambiri zimangoti zii. M'nkhalangomu muli njovu, musalowemo nokha.

Nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 420 ndipo ili m'magawo atatu, lililonse ndi mbalame zake. Apa ndi pamene alendo ambiri amaphonya. Pa mchenga woyera pali mitengo ya miombo yofanana ndi yakwathu, yotalikirana, moti kuona sikuvuta. Yambirani pamenepo. Clarke's Weaver, yomwe imapezeka ku Kenya kokha, imadya m'nsonga m'magulu aphokoso, pamene Amani Sunbird imangodumphadumpha m'maluwa. Mukakumana ndi gulu la mbalame zosakanikirana, imani nji, lidutse lokha. Mukalithamangira limabalalika.

Kadzidzi wa Sokoke Scops Owl, wosatalika kuposa chikhatho, amakhala pa dothi lofiira, m'mitengo yothithikana ya Cynometra. Operekeza amamulondola kusanache, n'kudzakuonetsani masana atatsamira nthambi, maso atatsinzina. Musamuthire flash. Zoliza mawu a mbalame ojambulidwa pa foni nazo muchepetse, zimazisokoneza pa malo ake.

M'gawo lachitatu, la mitengo yosakanikirana, yang'anani pansi. East Coast Akalat, yomwe iliponso m'nkhalango za ku Nkhata Bay, imakhala m'munsi mwa zitsamba. Mukamva masamba ouma akuti tswatswa, gwadani m'malo mokweza mutu.

Binoculars ya 8x42 ndi yabwino kuposa 10x25, chifukwa imalowetsa kuwala kokwanira mumthunzi. Ikagona m'chipinda chozizira, magalasi amachita nthunzi mukangotuluka, ndiye itulutseni pakhonde kwa mphindi 20 musananyamuke. Thalauza mulowetse m'masokosi, linthumbu silichita ulemu.

Tsiku lachiwiri madzulo mupite ku Mida Creek, pafupi pomwepo, malo amene nyanja yamchere imalowa kumtunda ndipo madzi ake amakwera ndi kutsika tsiku lililonse. Funsani nthawi imene madzi amadzaza, mufike ola limodzi kapena awiri isanakwane, chifukwa madziwo akamakwera amakankhira mbalame kufupi ndi gombe. Crab-plover, mbalame za m'gombe, amachuluka kuyambira cha mu Seputembala, choncho mu Ogasiti mungaone ochepa chabe.