Kwa mayi amene afunsa za opaleshoni ya phazi lathyathyathya

Mayi, mwafunsa ngati n'zoona kuti kompyuta ingaonetse mmene phazi lanu lidzakhalire adokotala akacheka fupa la chidendene monga akufuniramo. N'zoona, koma ili ndi polekezera.

Phazi lili ndi mafupa 26. Kwa munthu wamkulu, kawirikawiri limagwa n'kukhala lathyathyathya chifukwa mtsempha wolumikiza mnofu ndi fupa wodutsa kuseri kwa kakolo chamkati, wotchedwa posterior tibial, wafooka. Zikatero chidendene chimapendekera kunja, thupi n'kumatsamira mbali ya chala chachikulu. Ofufuza amajambula phazilo ndi CT scan, makina ojambula m'kati mwa thupi, n'kuliumba m'kompyuta ndi mafupa ndi mitsempha yake. Akatero amalisenzetsa kulemera kwa munthuyo, n'kuyesa opaleshoni momwemo popanda mpeni.

Chimene kuyesaku kumaonetsa, ndipo ndikufunitsitsa muchimve, n'chakuti kulemera sikutha ayi, kumangosamuka. Akasunthira chidendene mkati, nthawi zambiri ndi mamilimita pafupifupi 10, katundu wina amachoka mbali yamkati kupita yakunja. Palinso opaleshoni imene dokotala wina wa mafupa, Dillwyn Evans, anaifotokoza mu 1975, yotalikitsa mbali yakunja ya phazi polowetsa kafupa m'fupa la chidendene lomwelo. Imawongola bwino phazi lokhotera kunja, koma akapyoza muyeso, mbali ya chala chaching'ono imasenza mopitirira, munthu n'kuyamba kumva ululu pamene kale sipankapweteka. Apa m'pamene kompyuta ndimaiyamikira: pa phazi limodzi lomwelo angathe kuyesa mamilimita 6, kenako 8, kenako 10, n'kuona pamene zayambira kuipa. Pa munthu wamoyo kucheka n'kamodzi basi.

Komatu kulimba kwa mitsempha kumene amalowetsa m'kompyutamo nthawi zambiri kumachokera ku miyeso ya mapazi a anthu omwalira, osati anu. Kuyesa kwambiri kumakhala kwa munthu woima chilili, pomwe inu mumayenda, kukwera zitunda, kusenza ndowa. Sikuona kuti fupa lidzapola bwanji ngati muli ndi shuga kapena mumasuta fodya. N'chifukwa chake njirayi ikugwira ntchito kwambiri pa kafukufuku kusiyana ndi m'zipatala.

Ndiye mukabwerera kwa adokotala, afunseni kuti chidendene achisuntha ndi mamilimita angati, kulemerako kudzapita mbali iti, ndipo mudzakhala masabata angati osaponda pansi. Ngati simunayesepo zoika m'nsapato ndi mafizo olimbitsa mtsempha uja kwa miyezi ingapo, afunseninso ngati phazi lanu likadalola kuyamba ndi zimenezo.