Chidede chili ndi nthawi yake, mayi

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera imelo. Bambo a kunyumba kwake anagwa pa kabaza n'kutemeka pantchafu, ndipo podikira galimoto anthu anawamwetsa Fanta kuti "magazi abwerere". Anapulumuka. Funso lake n'lakuti: kodi anthuwo anachita bwino, nanga chidede chithandiza?

Mayi, imelo yanu yandikumbutsa usiku womwe mng'ono wanga anachira mwana wake woyamba. Mwana analira, ife panja tinalulutira. Kenako ndinaona anamwino akuthamanga. Chiberekero chinakana kukhwinyata, ndipo chikatero mitsempha ya pomwe panali nsengwa imakhala pululu. Nditalowa, zitenje ziwiri zinali zitanyowa kale. Manja ake anali ozizira ngati m'mawa wa Juni kuno ku Mzuzu, thukuta pamphumi, akupempha madzi mosalekeza, kenako n'kuyamba kunditchula dzina la malemu amayi. Ine, mwaumbuli, ndinathamangira kukagula zakumwa.

Zomwe zinamupulumutsa ndi jakisoni wa oxytocin wokhwinyatitsa chiberekero, dzanja la namwino lomwe linkatikita mimba mwamphamvu, madiripi, ndi mabotolo awiri a magazi a munthu yemwe sitidzamudziwa. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Mayi akataya opyola mamililita 500 pochira, achipatala amatekeseka kale. Ndiye Fanta ikalowa m'mimba isanduka bwanji magazi? Imangowonjezera vuto, chifukwa wopita ku fiyeta ndi m'mimba modzaza angathe kusanza n'kutsamwa.

Chomwe chimandikwiyitsa ndi ichi. Timafuna kupeza magazi m'firiji ya chipatala, koma a MBTS, bungwe lotolera magazi, akabwera kutchalitchi timazemba, ena mpaka kunong'onezana za anamapopa ngati tidakali mu 2017. Magazi ambiri amachokera kwa ana asukulu, n'chifukwa chake sukulu zikatsekera amasowa. Ana a Fomu 3 kunyamula mzinda wonse! A MBTS amatenga mamililita 450 basi. Ine ndaperekapo kangapo, ndipo ndimabwerera ku Katoto wapansi.



Tsono yankho

Anthu omwe anawamwetsa Fanta aja sanachite bwino, ngakhale anali ndi mtima wothandiza. Wovulala sapatsidwa chakumwa. Pindani chitenje, dinikizani pabala ndi mphamvu zonse, osasuzumira. Chikanyowa, sanjikizani china pamwamba. Dothi ndi mchere ayi. Ngati magazi akuthovoka pamwendo kapena pamkono osaleka, mangani zolimba kumtunda kwa bala n'kusunga nthawi yomwe mwamanga. Mugonekeni, mumufunditse, n'kuthamangira ku chipatala cha Mzuzu Central. Musachedwe, chifukwa mankhwala a tranexamic acid, ochepetsa kutaya magazi, amathandiza akaperekedwa maola 3 asanathe.

Chidedecho bambowo amwe ndithu tsopano, koma pambali pa mapiritsi owonjezera magazi omwe anapatsidwa, usipa, nyemba ndi chiwindi. Akayamba chizungulire kapena wefuwefu pokwera kamtunda, abwerere akayezetse magazi.