Funsani Azakhali: Bwanji aphungu achizimayi ndi ochepa chonchi?

Azakhali,
Ndimagulitsa mbatatesi pamsika wina ku Ntcheu. Tsiku lovota ndikaima pamzere ndimaona kuti ambiri ndife amayi, ena ana ali kumsana. Koma ndikatchera khutu pawailesi kumvera za ku Nyumba ya Malamulo, mawu ochuluka ndi a abambo. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti ku Rwanda aphungu achizimayi amaposa amuna. Bambo akunyumba akuti vuto ndife tomwe, amayi timachitirana nsanje. N'zoona?
Mayi wa ku Ntcheu

Amayi,
Mwana wanuyo sananame. Mu 2008 dziko la Rwanda linakhala loyamba padziko lonse kukhala ndi aphungu achizimayi oposa theka. Koma musaganize kuti amayi akumeneko ali ndi mitima yoyera kuposa yanu. Malamulo awo a 2003 anapatuliratu mipando 24 mwa 80 kuti ikhale ya amayi okha, ndipo pa mipando yambiri yotsalayo anthu amavotera chipani chomwe chili ndi mndandanda wa mayina. Chipani chikalemba amayi pamwamba, amalowa. Ku Zimbabwe nako anapatula mipando 60 mu 2013.

Kwathu kuno mpando ndi umodzi m'dera lililonse, wopeza mavoti ambiri watenga basi. N'chifukwa chake chiwerengero chimangokwera n'kutsika. Mu 2009 amayi oposa 40 analowa mwa aphungu 193. Mu 2014 anatsika kufika 32, chonsecho m'pamene Mayi Joyce Banda anali atangolamulira dzikoli zaka ziwiri. Mu 2019 anakweranso, ndipo Mayi Catherine Gotani Hara anakhala Sipikala woyamba wachizimayi.

Tsono za nsanjezo, bambo akunyumba andikhululukire, ine sindikuvomereza. Amayi ambiri amagwera panjira inu musanaone n'komwe pepala lovotera. Amagwera pachisankho chachipulula, pomwe chipani chimasankha munthu wodzachiimira.

Chaka china ndinaperekeza mnzanga, mphunzitsi wopuma pantchito, kuchipulula cha chipani china. Tinafika pabwalo la sukulu 7 koloko m'mawa monga anatiuzira. Dzuwa linafika paliwombo oyendetsa chisankho asanabwere. Amayi amene anabwera kudzaima kumbuyo kwake anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wina kukaphikira ana, wina kukatunga madzi. Cha m'ma 3 koloko kunatulukira malole awiri odzadza anyamata oledzera, akuimba nyimbo yomutchula mnzangayo dzina loti sindingalilembe pano. Mkulu wina anamufunsa pagulu kuti, "Amuna anu akulolezani?" Wopikisana naye palibe anamufunsa za akazi ake. Pomwe ankawerenga anthu, kumbuyo kwa mnzanga kunali kutatsala kagulu kochepa, kogwira maambulera.

Kenako pali ndalama. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC limatsitsa ndalama yolembetsera kwa amayi, zikomo, koma imeneyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimene dera limafuna. Pakagwa maliro mumathamangira kwa ofuna uphungu kuti agule bokosi. Wodwala akafuna galimoto usiku, kwa yemweyo. Nsalu zachipani, mpira wa anyamata, malata a tchalitchi. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, koma nenani zoona, wobwera chimanjamanja mumamumvera mpaka kumapeto? Amayi okhala ndi thumba lotere ndi owerengeka. Wokwatiwa kutali amavutikanso pawiri: kwawo amati anachoka kalekale, kwa mwamuna amati ndi mlendo.

Kampeni ya 50-50, yofuna kuti amayi ndi abambo akhale ofanana chiwerengero m'maudindo, yayesetsa ndithu, koma kulimbikitsa pakamwa sikusintha malamulo a mpikisano. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo limanena kuti polemba anthu ntchito m'boma amayi kapena abambo asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 aliwonse, silikhudza mipando ya aphungu.

Ngati muli m'chipani, amayi, musakhutire ndi kuvina pamsonkhano. Lowani m'komiti ya m'dera lanu, chifukwa ndi imene imadziwa tsiku, malo ndi anthu oyenera kuvota pachipulula. Tsikulo likafika mbatatesi musiyire mwana wa Fomu 3 uja, mutenge kamba ndi madzi akumwa, ndipo musachoke pamzere mpaka atakuwerengani.

Ndine wanu,
Azakhali